Gemu ya RPG Yokuyenerani Ndi Iti? Kuyerekeza Baldur's Gate, Morrowind, The Witcher 3 ndi Fallout

Anthu awiri akhoza kunena kuti onse amakonda magemu a RPG a pakompyuta, momwe wosewera amatenga mbali ya munthu wa m'nkhani, koma akayamba kutchula maina a magemu omwe ali pamtima pawo n'kupeza kuti sakugwirizana ngakhale pa imodzi. Wina amatama Diablo II chifukwa cha zida zomwe zimagwa pansi chilombo chikaphedwa, pomwe mnzake amatama Planescape: Torment, momwe munthu amatha ola lathunthu akuwerenga osasolola lupanga. Kusiyana kumeneku kuli ndi gwero lake. Magemu onsewa ndi zidzukulu za Dungeons & Dragons, masewero a patebulo omwe Gary Gygax ndi Dave Arneson adatulutsa ku America mu 1974. Patebulopo pankapezeka zinthu zingapo nthawi imodzi: malamulo ndi madayisi ogamula ngati zomwe mwayesa zatheka, gulu la anzanu oyenda nawo, dziko loti mulifufuze, chuma choti mutole, komanso munthu mmodzi wotsogolera nkhani yemwe ankamva chilichonse chomwe osewera anena n'kuyankha pomwepo. Kompyuta siidathe kusenza zonsezi mofanana, choncho kampani iliyonse idatenga gawo lomwe idaliona lofunika n'kulikulitsa, kwinaku ikuchepetsa magawo enawo.

Chifukwa cha ichi, wofuna gemu yoti aikonde ayambe wadzifunsa kuti mwa magawo amenewa ndi liti lomwe sangalole kuti lisowe. Kwa ine ndi lomalizalo, la wotsogolera nkhani woyankha uja. Gemu iliyonse ndimaiyesa poona ngati dziko lake limazindikira zomwe ndachita n'kusintha chifukwa cha zimenezo, ndipo ndikunena izi poyambirira kuti owerenga adziwe komwe chiweruzo changa chapendekekera. Gemu yomwe yalephera pa muyeso wangawu ikhoza kukhala yopambana pa muyeso wa munthu wina.

Kwa amene amasangalala ndi kutsogolera gulu ndi kukonza ndondomeko ya nkhondo, mpikisano uli pakati pa Baldur's Gate II: Shadows of Amn ya mu 2000 ndi Baldur's Gate 3 ya mu 2023. Dzina ndi limodzi koma opanga ndi osiyana. Yoyambayo idapangidwa ndi BioWare, kampani ya mumzinda wa Edmonton ku Canada yomwe idayambitsidwa ndi madokotala a zachipatala, pomwe yachiwiriyo ndi ntchito ya Larian Studios ya ku Ghent m'dziko la Belgium, motsogozedwa ndi Swen Vincke. Mu Baldur's Gate II mumayenda ndi gulu la anthu ofika 6, mukuwaonera chakumwamba, ndipo nkhondo imayenda osaima: onse amamenya nthawi imodzi, koma inu muli ndi ufulu woimitsa zonse podina batani limodzi, kuuza aliyense chochita, kenaka n'kulola kuti zipitirire. Mu Baldur's Gate 3 gulu ndi la anthu 4 ndipo nkhondo ndi yopatsana mpata monga pa bawo, pomwe wina sagwira nkhomo mpaka mnzake atamaliza kusewera.

Kusiyana kumeneku kumakhudza gemu yonse. Nkhondo yoimitsa imathandiza kuti timagulu ta adani ofooka tithe m'masekondi ochepa, koma ikakula, makamaka amatsenga akachuluka mbali zonse ziwiri, sikirini imadzaza ndi moto ndi utsi moti wosewera watsopano amangoona anthu ake akugwa osadziwa chawapha. Nkhondo yopatsana mpata imachedwa, ndipo ngakhale adani ochepa amatha kukudyerani mphindi zambiri, komabe chilichonse chimaoneka bwino ndipo malo omwe mwaima amakhala ndi tanthauzo. Woponya mivi akakhala pamalo okwera amalasa bwino, mdani woima m'mphepete mwa phompho mukhoza kungomukankhira pansi, ndipo mafuta otayika amayaka mukawaponyera moto. A Larian adanola luso limeneli mu Divinity: Original Sin ya mu 2014 ndi yachiwiri yake ya mu 2017.

Chomwe chimasunga Baldur's Gate II pamtima pa anthu ambiri ndi mutu wake wachiwiri. Mukathawa m'ndende ya wamatsenga Jon Irenicus mumatulukira mumzinda wa Athkatla, komwe mumauzidwa kuti pakufunika ndalama zagolide 20,000 kuti mupeze thandizo lokapulumutsa Imoen, mnzanu yemwe watengedwa. Gemuyo siikuuzani kuti ndalamazo muzipeze bwanji. Mukhoza kukalanditsa linga la banja la de'Arnise lomwe lalandidwa ndi zilombo, kufufuza za anthu omwe akuphedwa m'dera la pamlatho mumzindamo, kupita ku Umar Hills komwe anthu a m'mudzi akusowa mosadziwika bwino, kapena kutsata ntchito ya ku Windspear Hills yomwe imakufikitsani kwa chinjoka Firkraag, ndipo iliyonse mwa ntchito zimenezi ili ndi nkhani yakeyake yotenga maola angapo. Anzanu oyenda nawo ali ndi maganizo awo: amakangana, amadandaula mbiri ya gululo ikawaipira, ndipo ena, monga Keldorn ndi Viconia, amatha kufika pomenyana mukawasunga limodzi nthawi yaitali. Vuto lake ndi malamulo akale a Advanced Dungeons & Dragons, momwe mwachitsanzo nambala ya chitetezo imakhala yabwino ikamatsika, ndipo wamatsenga wa adani amadzikuta ndi zotchinga zingapo zomwe muyenera kuzichotsa chimodzichimodzi ndi matsenga oyenera. Gemuyo siiphunzitsa zimenezi mokwanira.

Baldur's Gate 3 imapambana pa kuyankha. M'gawo lake loyamba muli othawa kwawo omwe abisala m'malo opatulika a ansembe a zachilengedwe, ansembewo akufuna kuwathamangitsa, ndipo gulu lankhondo la tizilombo tooneka ngati anthu totchedwa ma-goblin likusaka malowo. Mukhoza kupha atsogoleri a ma-goblin, kulowa mumsasa wawo mwa kukambirana kapena kudzisintha maonekedwe, kuulula chiwembu chomwe chili pakati pa ansembe eni ake, ngakhalenso kugwirizana ndi ma-goblin n'kuukira othawa kwawowo, zomwe zimachititsa kuti ena mwa anzanu akusiyeni ndiponso kuti anthu omwe mukadakumana nawo m'magawo otsatira asapezekenso. Poyesa kunyengerera munthu kapena kutsegula loko, dayisi ya mbali 20 imagubuduzika pasikirini inu mukuona. Ndi matsenga oyenera mukhoza kulankhula ndi nyama ngakhalenso mitembo, ndipo olemba adakonzeratu zoti ziziyankha. Koma zokomazi zimalira zambiri: gemuyo imafuna malo okwana 150 GB ndi kompyuta yamphamvu, makamaka m'gawo lachitatu lomwe limachitikira mumzinda wodzaza ndi anthu, ndipo wodalira bandulo ya pafoni ayenera kukonzekera bwino asanayambe kupanga dawunilodi chinthu chachikulu chotere. Makolo adziwenso kuti iyi ndi gemu ya akuluakulu, muli zamaliseche ndi zachiwawa zoonekera poyera.

Ndikaika awiriwa pasikelo, wa kompyuta yamphamvu amene akuyamba kumene atenge Baldur's Gate 3, makamaka ngati ali ndi anzake, popeza imalola anthu ofika 4 kusewera limodzi. Wa laputopu yakale sakumanidwa zambiri potenga Baldur's Gate II: Enhanced Edition yomwe kampani ya Beamdog idatulutsa mu 2013, yofuna ma-GB owerengeka okha. Pakati pa zaka za magemu awiriwa, makampani akuluakulu adafulatira magemu oonera chakumwamba, ndipo omwe adawaukitsa ndi osewera eni: mu 2012 adasonkhera Obsidian Entertainment madola pafupifupi 4 miliyoni pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkherapo ndalama, ndipo ndalamazo zidabala Pillars of Eternity mu 2015, yomwe ili ndi nkhondo yoimitsa koma malamulo ake adakonzedwera kompyuta kuyambira pachiyambi. Pathfinder: Wrath of the Righteous ya mu 2021 ndi ya amene amasangalala kutha maola akusanja maluso a mtengambali wawo, yemwe ndi munthu amene akumuyendetsa mu gemu, koma isakhale yoyambira.

Pali osewera ena omwe nkhondo amangoipirira kuti afike pa zokambirana. Kwa amenewa maina awiri ndi omwe amakhala patsogolo. Planescape: Torment idatuluka mu 1999 kuchokera ku Black Isle Studios, ndipo mlembi wake wamkulu adali Chris Avellone. Mumadzuka patebulo la mitembo m'nyumba yachisoni, mulibe dzina, simukukumbukira kalikonse, ndipo chigaza cholankhula chotchedwa Morte chimakuwerengerani malangizo omwe adadindidwa pakhungu la kumsana kwanu. Posakhalitsa mumazindikira kuti simufa, kuti mwakhalapo ndi moyo kambirimbiri, ndiponso kuti anthu ambiri mumzinda wa Sigil akuvutikabe ndi zomwe mudawachita m'miyoyo yomwe mudaiwala. Pomwe magemu ambiri amakutumani kukapulumutsa dziko, iyi imakutumani kukayankha mlandu wanu womwe. Nzeru ndi luntha la mtengambali wanu n'zofunika kuposa mphamvu za thupi chifukwa zimatsegula mayankho atsopano ndi zikumbukiro, ndipo ngakhale mdani womaliza mukhoza kuthana naye ndi mawu. Nkhondo zake ndi zofooka, makamaka chakumapeto komwe zimachuluka popanda chifukwa chomveka.

Disco Elysium ya mu 2019, yopangidwa ndi ZA/UM, gulu lomwe lidayambira ku Estonia motsogozedwa ndi mlembi Robert Kurvitz, idachotseratu nkhondo zachizolowezi. Ndinu wapolisi wofufuza milandu yemwe wadzuka m'chipinda cha hotela ataledzera mpaka kuiwala dzina lake, pomwe mtembo wa munthu ukulendewera mumtengo kuseri kwa hotelayo ndipo ogwira ntchito padoko akunyanyala ntchito. Maluso 24 a wapolisiyo ndi mawu olankhula m'mutu mwake: luso la kulingalira limakupatsani mfundo, luso la kumvetsa ena limakuuzani zomwe munthu akubisa mumtima, luso lina limakukokerani ku mowa, ndipo luso lomwe mwalikulitsa kwambiri limatha kukusocheretsani chifukwa limalankhula molimba mtima ngakhale likulakwa. Zoyesa zimagamulidwa ndi madayisi awiri a mbali 6, koma kawirikawiri kulephera kumangotsegula nkhani ina m'malo motseka njira. Sindidaonepo gemu ina yomwe idapanga woyenda naye womveka ngati munthu weniweni kuposa Kim Kitsuragi, wapolisi wodekha yemwe mumalakalaka atakupatsani ulemu ngakhale gemuyo siikulamulani kutero.

Magemu awiriwa ali ndi chotchinga chimodzi chachikulu, chomwe ndi kuchuluka kwa zowerenga m'Chingerezi chozama, chodzaza ndi nzeru zakuya, ndale ndi mawu opeka a m'misewu ya m'magemumo. Amene amawerenga Chingerezi pang'onopang'ono ayambe ndi Disco Elysium m'mtundu wake wa The Final Cut wa mu 2021, momwe pafupifupi zokambirana zonse zimawerengedwa mokweza ndi akatswiri a zisudzo. Pa muyeso wanga, Disco Elysium imayankha kwambiri pa za umunthu wa wapolisiyo koma pang'ono pa za dziko, chifukwa mlanduwo umathera pamalo amodzimodzi kaya mwayenda njira iti.

Osewera ambiri amafuna dziko loti aziyendamo momasuka, ndipo pano mkangano wakale ndi wa Morrowind ya mu 2002 ndi Skyrim ya mu 2011, magemu a kampani ya Bethesda a m'mndandanda wa The Elder Scrolls. M'magemu onse awiri mumaona dziko ndi maso a mtengambali wanu, ndipo luso limakula mukamaligwiritsa ntchito, moti wokoka uta pafupipafupi amasanduka katswiri wa uta. Skyrim ndi yolandira alendo. Kampasi ya pamwamba pa sikirini imakulozerani komwe mukupita, malo omwe mudafikako kale mumabwererako pongodina pamapu, adani ambiri amakula molingana ndi mphamvu zanu, ndipo mapiri ake ndi nyimbo zake zimakopa munthu kuti angoyenda popanda cholinga. Ndi gemu yabwino koposa yoyambira kwa yemwe sadasewerepo RPG, ndipo zowonjezera zomwe osewera eni adapanga, zotchedwa ma-mod, n'zochuluka moti akhoza kuisintha momwe angafunire. Chofooka chake n'chakuti dzikolo silikukanizani kanthu. Munthu mmodzi akhoza kukhala mtsogoleri wa ankhondo a Companions, wa mbava, wa opha anthu mwachinsinsi komanso wa sukulu ya amatsenga ya ku Winterhold ngakhale akudziwa matsenga owerengeka okha, ndipo dziko silisintha kwenikweni chifukwa cha maudindo amenewo. Anthu ofunika m'nkhani saphedwa, amangogwada n'kudzukanso.

Morrowind imachita zosiyana. Mumatsika m'ngalawa ya akaidi padoko laling'ono la Seyda Neen pachilumba cha Vvardenfell, mumapatsidwa phukusi loti mukapereke kwa Caius Cosades ku Balmora, ndipo palibe kamuvi kokulozerani njira. Malangizo amaperekedwa ndi mawu, kuti mutsate mtsinje, muwoloke mlatho, mukhote pamphambano, ndipo mukapanda kuwerenga bwino mumasochera. Kuti mukwere udindo m'bungwe lililonse muyenera kukhala ndi maluso omwe bungwelo limafuna. Mwa nyumba zazikulu zitatu za Hlaalu, Redoran ndi Telvanni mumaloledwa kulowa imodzi yokha. Ndipo mukapha munthu wofunika, gemuyo imangokuchenjezani kuti nkhani yaikulu yasokonekera n'kukulolani kupitirira m'dziko lomwe mwaliwonongalo. Dziko lenilenilo ndi lachilendo kuposa la Skyrim: muli bowa wamkulu ngati mitengo, mikuntho ya phulusa lochokera kuphiri la moto, nyumba za akuluakulu a ku Ald'ruhn zomangidwa m'chigoba cha nkhanu yaikulu, ndi anthu omwe amakuonani ngati wobwera ndipo sakubisirani. Choipa chake chimaoneka m'ola loyamba lomwe, pakuti lupanga limatha kuoneka kuti lamugunda mdani koma gemu n'kuwerengera kuti mwaphonya chifukwa kuseri kuli madayisi, ndipo mtengambali watsopano amayenda mochedwa kwambiri. Ine ndimaika Morrowind pamwamba pa Skyrim chifukwa ndikakanizidwa njira ina m'pomwe njira yomwe ndasankha imakhala yangadi. Ndi gemu yaing'ono, ya pafupifupi 1 GB, ndipo pulogalamu yaulere ya OpenMW, yomwe imafuna mafayilo a gemu yoyambayo, imaithandiza kuyenda bwino pamakompyuta amakono.

Amene Morrowind yawakomera ayesenso Gothic ya mu 2001 ya kampani ya ku Germany ya Piranha Bytes, momwe mumaponyedwa m'ndende ya migodi yotchingidwa ndi matsenga, muli misasa itatu yosagwirizana, maluso mumaphunzira kwa aphunzitsi, ndipo zilombo sizichepa mphamvu pofuna kukukomerani mtima. Kingdom Come: Deliverance ya mu 2018, ya Warhorse Studios ya ku Prague, ilibe matsenga konse: ndinu Henry, mwana wa wosula zitsulo ku Bohemia m'chaka cha 1403, yemwe ayenera kuphunzira ngakhale kuwerenga kumene. Koma gemu imeneyi imachepetsa dala mwayi woseva pomwe mwafika, zomwe zimapweteka kwa wosewera pa kompyuta ya patebulo kudera komwe magetsi amazima mosachenjeza.

The Witcher 3: Wild Hunt ya mu 2015, ya CD Projekt Red ya ku Warsaw, imaoneka ngati ya m'gulu lomweli chifukwa dziko lake ndi lotseguka, koma phata lake lili pena. Simupanga mtengambali wanu; ndinu Geralt wa ku Rivia, mlenje wa zilombo wochokera m'mabuku a Andrzej Sapkowski, yemwe ali kale ndi mbiri, abwenzi ndi kalankhulidwe kake. M'malo mwa ufulu wodzipangira munthu mumalandira nkhani zolembedwa mwaluso. M'dera la Velen mumakumana ndi Bloody Baron, mkulu wa asilikali wokonda mowa yemwe mkazi wake ndi mwana wake wamkazi adamuthawa chifukwa cha nkhanza zake, ndipo gemuyo siimukhululukira komanso siimusandutsa chilombo, imangokusiyani kuti mumve mbali zonse. Zotsatira za zomwe mwasankha zimabwera patapita maola, kubwerera m'mbuyo kuli kovuta kale, ndipo mathero a Ciri, mtsikana yemwe Geralt adamulera ngati mwana wake, amadalira tizinthu ting'onoting'ono ta mmene mudakhalira naye. Kamenyedwe kake n'kapakatikati ndipo mapu ake adadzaza ndi zizindikiro za ntchito zobwerezabwereza zomwe mungathe kuzisiya osataya kanthu. Okonda mtengambali wokonzedwa kale chonchi adzakondanso magemu atatu a Mass Effect a BioWare, a mu 2007, 2010 ndi 2012, momwe zomwe mudasankha mu gemu yoyamba zimakutsatani mpaka mu yachitatu.

Za magemu a zofunkha sindichulutsa mawu chifukwa ndi omwe ali kutali kwambiri ndi zokonda zanga, ngakhale ndimamvetsa chikoka chake. Mu Diablo II ya mu 2000 nkhani ndi yochepa ndipo palibe chosankha chosintha dziko. Chisangalalo chili pa kupha adani ambirimbiri, kutola chida chabwino kuposa chomwe muli nacho, ndi kulumikiza maluso mpaka mtengambali wanu asowe womugonjetsa. Path of Exile ya Grinding Gear Games ya ku New Zealand, yomwe idatuluka mu 2013, ndi yaulere komanso yozama kwambiri, koma siiyenda popanda intaneti. Grim Dawn ya mu 2016 imayenda popanda intaneti, ndipo ndi yomwe ndingalangize yemwe netiweki yake ndi yosadalirika.

Ndasiya kumapeto magemu omwe ndimawakonda koposa. Fallout ya mu 1997, yopangidwa ku Interplay motsogozedwa ndi Tim Cain, imakutulutsani m'malo obisalamo a pansi pa nthaka otchedwa Vault 13, patapita zaka zambiri chichitikireni nkhondo ya mabomba a nyukiliya, kuti mukapeze kachipangizo koyendetsa makina oyeretsa madzi pasanathe masiku 150. Kachipangizoko mumakapeza ku Necropolis, komwe anthu owonongeka matupi ndi poizoni wa nyukiliya akudalira kachipangizo komweko kuti apeze madzi akumwa. Mukhoza kungokatenga n'kuwasiya afe ndi ludzu, kapena kuyamba mwawakonzera pampu yawo yakale. Mdani wamkulu mukhoza kumugonjetsa ndi mfuti, kuphulitsa bomba lomwe lili pansi pa malo ake osakumana naye n'komwe, kapena kumuonetsa umboni woti mtundu watsopano wa anthu womwe akupanga ndi wosabereka, iye n'kuvomereza yekha kuti cholinga chake chagwa. Mukapanga mtengambali wa nzeru zochepa kwambiri, zokambirana zimasinthiratu ndipo anthu ambiri amakana kukutumani ntchito. Mfundo yomwe opanga adatsata ndi yoti vuto lililonse lalikulu likhale ndi njira ya womenya, ya wozemba ndi ya wolankhula.

Fallout: New Vegas ya mu 2010 idapangidwa ndi Obsidian Entertainment, kampani yomwe idayambitsidwa mu 2003 ndi anthu ochokera ku Black Isle, ndipo idatenga mfundo imeneyi n'kuiika m'dziko lotseguka lofanana ndi la magemu a Bethesda. Ndinu mthenga yemwe wawomberedwa m'mutu n'kukwiriridwa pafupi ndi mudzi wa Goodsprings m'chipululu cha Mojave, ndipo pofunafuna yemwe adakuwomberani mumalowa mumkangano wolimbirana Hoover Dam, gwero la madzi ndi magetsi a dera lonselo. Boma la New California Republic lili ndi malamulo ndi zisankho koma ladzitambasula mopitirira mphamvu zake ndipo ladzala ndi ziphuphu, gulu la Caesar's Legion limabweretsa bata m'misewu kudzera mu ukapolo ndi kupachika anthu, Mr. House, wolamulira mzinda wa New Vegas, ali ndi masomphenya koma safuna womufunsa; ndipo njira yachinayi ndi yoti ulamuliro muutenge nokha. Gulu lililonse limasunga mbiri yanu palokha, moti mukhoza kulemekezedwa m'tauni ina pomwe asilikali a gulu lina akukusakani.

Zomwe zimandigwira mtima kwambiri ndi ntchito zing'onozing'ono. Ku HELIOS One, malo opangira magetsi a dzuwa, mukakonza makina mumafunsidwa kuti magetsiwo apite kuti: kwa asilikali ndi dera la olemera, kumadera a osauka, kugawidwa pang'onopang'ono m'dera lonse, kapena ku chida chankhondo. Ku Vault 34 mumapeza kuti poizoni wochokera pansi akuwononga madzi othirira minda ya alimi, koma kutseka gwero la poizoniyo kukupha anthu omwe atsekeredwa mkatimo, ndipo palibe njira yachitatu yopulumutsa onse. Maluso amagwira ntchito m'zokambirana poyera, pakuti gemu imakuonetsani kuti yankho ili likufuna luso la zamankhwala lofika pakutipakuti pomwe ilo likufuna la zokonza makina, choncho dokotala, makaniko ndi wamalonda amadutsa m'nkhani imodzimodzi mosiyana. Pafupifupi munthu wamkulu aliyense akhoza kuphedwa ndipo nkhani imapezabe njira yopitirira. Pamapeto gemuyo imafotokoza zomwe zidachitikira matauni, magulu ndi anzanu oyenda nawo chifukwa cha zochita zanu, ndipo ena mwa iwo mumazindikira kuti mudawapweteka pomwe munkayesa kuti mukuwathandiza.

Zofooka zake ndi zenizeni. Kawomberedwe kake sikosangalatsa kwenikweni, nkhope za anthu ndi zouma, mbali ya Legion idapatsidwa ntchito zochepa poyerekeza ndi ya New California Republic, ndipo gemuyo, yomwe idapangidwa m'miyezi pafupifupi 18, imatha kudzitseka yokha pamakompyuta amakono pokhapokha mutaikamo ma-mod okonza zolakwika. Komabe imafuna malo a pafupifupi 10 GB okha, imayenda pa laputopu wamba, ndipo imalola kuseva pafupifupi nthawi iliyonse. Iyo pamodzi ndi Fallout yoyamba, Baldur's Gate II, Planescape: Torment, Morrowind ndi Gothic imapezeka pa sitolo ya pa intaneti ya Steam komanso pa GOG, sitolo yomwe CD Projekt idatsegula mu 2008, komwe mukagula mumatenga fayilo yoikira gemu yosafunanso intaneti. Woyamba kumene New Vegas asathamangire kumpoto pochoka ku Goodsprings ngakhale nyali za mzindawo zikuonekera kumeneko, pakuti msewu wachidulewo umadutsa ku Quarry Junction komwe kuli zilombo za deathclaw zomwe zimapha mtengambali watsopano m'kanthawi kochepa. Njira yomwe opanga adakonza ndi yozungulira chakumwera, kudzera ku Primm, Nipton ndi Novac, ndipo panjira imeneyi m'pomwe mumadzionera nokha kachitidwe ka New California Republic ndi ka Legion musanafunsidwe kuti muima ndi ndani.